Paipi yoyera ya m'khoma si yokwirira pansi

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi eni nyumba komanso amisiri anzanga a zamagetsi. Masiku ano womanga aliyense akufuna magetsi afike ku geti, ku khola la nkhuku kapena ku pampu ya pachitsime. Ntchito ya ESCOM imathera pa mita. Kupitirira apo udindo ndi wa mwini malo. Chomvetsa chisoni n'chakuti m'mabwalo ambiri anthu akukwirira conduit (paipi yodutsitsira mawaya) yoyera ya PVC ya mamilimita 20, ija yoika m'khoma, mkati mwake muli mawaya wamba a m'nyumba.

Paipi imeneyi ndi yopyapyala chifukwa m'khoma imatetezedwa ndi pulasitala. Pansi imaphwanyika galimoto ikapondapo, khasu limaidula kamodzi kokha, ndipo poti imabwera ya mamita 3 kapena 4, mtunda wa mamita 40 umakhala ndi molumikiza mosachepera 9. Dothi likasuntha, m'menemo ndi momwe mumasokoloka.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti paipi iliyonse yokwiriridwa imadzalowa madzi ndithu, ngakhale mutamata guluu bwanji, pakuti chinyezi chimachita mame mkati momwemo. Choncho yambani mwasankha nthambo yopirira madzi, monga armoured cable yokhala ndi mawaya achitsulo kuzungulira, kenaka paipi. Waya wamba ukangokalika pang'ono pokoka, m'chilimwe umagwira bwinobwino, koma mvula ikayamba breaker imangogwa, mmisiri n'kumafufuza vuto m'nyumba pamene lili pansi pa kapinga. Ndipo nthambo isalumikizidwe mkati mwa paipi, zivute zitani.

Pa mtunda wautali, paipi ya pulasitiki ya HDPE yakuda yobwera yokulunga ndiyo ndimailimbikitsa. Imayenda mamita 50 kapena 100 popanda polumikiza, sichita dzimbiri, ndipo imapindika. Izi n'zofunika kwambiri m'dothi la makande ngati la ku Chikwawa ndi Nsanje, lomwe limafufuma ndi mvula n'kung'ambika ndi dzuwa. Paipi yolimba gwa imathyoka m'dothi lotere. PVC yochindikala yopangidwira pansi imachitanso bwino pa dothi lokhazikika. Koma musagwiritse paipi yabuluu ya madzi, kapena yakuda ya mizere yabuluu, ngakhale itatsala pomanga. Tsiku lina pulambala adzaifukula, n'kuiyesa ya madzi, n'kuidula ndi sowo magetsi ali momwemo.

Paipi yachitsulo ya galvanised, yokutidwa ndi zinki, ili ndi malo ake: pomwe nthambo ikutuluka m'nthaka kukwera khoma, ndi pathanthwe pomwe simungakumbe mozama. M'dambo imadyeka ndi dzimbiri, kuyambira pa mazinga pomwe zinki inachoka. Iyenera kulumikizidwa ku earth, ndipo live ndi neutral zidutse m'paipi imodzi; mukazilekanitsa, chitsulocho chimatentha. Podutsa galimoto, ikani paipi ya mamilimita 110 ndi kuikuta ndi konkire, kuti mawa muthe kusintha nthambo osaswa msewu.

Pa kukula, musaumire. Mkati mwa paipi mupose kunenepa kwa nthambo kamodzi ndi theka. Armoured cable ya 4mm² ya mawaya atatu imanenepa pafupifupi mamilimita 15. Paipi ya mamilimita 32 ikwana, koma ya 50 imakokeka mosavuta. Makona akhale okhota pang'onopang'ono, asapose awiri pakati pa mabokosi okokerapo, ndipo siyanimo chingwe cha nayiloni. Dziwaninso kuti nthambo ya m'paipi sitaya kutentha msanga ngati yokhudza dothi, ndiye imanyamula magetsi ocheperako. Mtunda ukatalika, ma volt 230 aja amafika ataperewera ndipo mota ya pampu imapsa. Werengerani zimenezi musanagule.

Ngalande ikhale yakuya masentimita 60. Thirani mchenga wosefa wa masentimita 10, gonekani paipi, thiraninso mchenga womwewo pamwamba, yalani njerwa, kenaka dothi lopanda miyala. Patatsala masentimita 20 kuti mudzaze, yalani tepi yochenjeza kuti wokumba aione piki isanafike. Paipi ipendekere kutali ndi nyumba kuti madzi asatsetserekere ku DB (bokosi la ma breaker), ndipo kukamwa konse kutsekedwe, apo ayi makoswe ndi nyerere zimasandutsa msewu.

Eni nyumba, lembani mmisiri wa chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndipo musalole kuti akwirire musanaone ndi maso anu zomwe waika. Ayeze nthambo ndi megger (makina oona ngati magetsi sakutayikira) pa ma volt 500 asanakwirire komanso atakwirira. Ikaonetsa pansi pa megaohm 1, isalumikizidwe. Jambulani ngalandeyo pa foni ikadali yotsegula, muyeze kutalika kwake kuchokera pa khoma n'kulemba papepala, ndipo pepalalo musunge pamodzi ndi pulani ya nyumba.

Mmisiri wa zamagetsi,
Lilongwe