Momwe mungapezere zikalata ku maofesi a kaunti ku America

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko kudzera m'nyuzipepala yanu ndi mabanja amene ali ndi abale ku United States, makamaka awo amene imfa, mlandu kapena nkhani ya nyumba yawakakamiza kusakasaka zikalata kumeneko. Ambiri amalembera ofesi ya kazembe, ena amatumiza madola kwa adobadoba a pa intaneti, chonsecho chikalata chimene akufunacho chili phee mu ofesi ya kaunti (boma laling'ono la m'dera), ndipo kawirikawiri mtengo wake ndi wa fotokope ndi chidindo basi. Nthawi zambiri chimene chimatayitsa anthu ndalama ndi miyezi n'kugogoda pakhomo lolakwika.

Dziko lija lili ndi zigawo 50, chilichonse ndi malamulo akeake, ndipo zigawozo zidagawidwanso m'makaunti opitirira 3,000. Lamulo limene anthu ambiri adalimvapo, la Freedom of Information Act la mu 1966, limakhudza maofesi a boma lalikulu la ku Washington okha. Mukalitchula m'kalata yopita ku kaunti, mlembi wouma mtima akhoza kungokuyankhani kuti lamulolo siliwakhudza, nkhani n'kuthera pomwepo. Kaunti imamvera lamulo la chigawo chake: ku Texas ndi Public Information Act, ku California ndi Public Records Act, ku New York ndi Freedom of Information Law, ku Indiana ndi Access to Public Records Act. Fufuzani dzina la lamulo la chigawo chimene mukulembera, mulitchule pa mzere woyamba wa kalata yanu.

Musanalembe, tsimikizani kuti ndi kaunti iti. Adiresi ya positi imatchula mzinda, situla dzina la kaunti. South Bend ili mu St. Joseph County, Seattle mu King County, Houston mbali yaikulu mu Harris County, Chicago mu Cook County. Pali misampha ingapo pamenepa. Mzinda wa Baltimore suli mu Baltimore County. Ndi maboma awiri osiyana, aliyense ndi kaundula wake. Ku Virginia mizinda yambiri ndi yoima payokha, kunja kwa kaunti iliyonse. Ku Connecticut ndi ku Rhode Island kulibe boma la kaunti, choncho zikalata za malo zimasungidwa ndi mlembi wa tauni. Ndipo imfa imalembedwa kumene yachitikira, osati kumene malemu ankakhala. Munthu wodwala akathamangitsidwa naye kuchipatala cha kaunti yoyandikana n'kukamwalirira komweko, chiphaso chake chili kumeneko.

Kaunti nayo si ofesi imodzi. Atsogoleri a maofesi ambiri amachita kusankhidwa pa chisankho paokhapaokha, ndiye aliyense amasunga mafaelo ake, ndipo sakakamizika kukakufunirani chikalata cha ofesi ina. Recorder, kapena Register of Deeds, amasunga zikalata za umwini wa nyumba ndi ngongole zimene nyumbayo idaikidwa chikole. Assessor amawerengera mtengo wa malo kuti msonkho udziwike, Treasurer ndiye amatolera msonkhowo. Sheriff amayang'anira ndende ya kaunti ndi malipoti a apolisi ake. Coroner kapena Medical Examiner amafufuza imfa zadzidzidzi. Clerk amasunga ziphaso za ukwati ndi zokambirana za pa misonkhano ya akuluakulu a kaunti, ndipo madera ena amagwiranso ntchito ya Recorder, monga momwe zidakhalira ku Cook County kuyambira mu 2020.

Nkhani ya nyumba ndiyo yophweka kuposa zonse, ndipo ndi imene mabanja amapusitsidwa nayo kwambiri. Zikalata za malo n'zotseguka kwa aliyense, sizifuna n'komwe kalata yopempha. Yambirani pa tsamba la intaneti la Assessor, lembani adiresi, mupeze nambala ya pulotiyo ndi dzina la amene amalandira bilu ya msonkho. Dzina limeneli si umboni wa umwini. Ndi chiyambi chabe. Umboni uli kwa Recorder, amene kaundula wake amayendera maina a wogulitsa ndi wogula. Mukapeza chikalatacho, lembani nambala yake, kapena nambala ya buku ndi tsamba ngati n'chakale, chifukwa ndi imene mudzagwiritse ntchito poitanitsa kope lodindidwa. Musaime pa chikalata choyamba. Yang'anani zonse zimene zidalembedwa pambuyo pake: ngongole ya kubanki, chikole cha amisiri amene sadalipidwe, chikole cha msonkho, kapena chikalata china chimene mwini wake adasamutsira nyumbayo kwa munthu wina mwakachetechete. Werenganinso bwino mawu ofotokoza umwini. Ngati anthu awiri adalembedwa kuti wina akamwalira wotsalayo ndiye adzatenge zonse, nyumbayo siilowa n'komwe m'chuma chamasiye, ndipo banja likhoza kukangana chaka chathunthu pa chinthu chimene tsamba limodzi lidagamula kale.

Kompyuta ikakuuzani kuti palibe chimene yapeza, musafulumire kukhulupirira. Alembi akumeneko amalakwitsa maina athu. Kachizindikiro ka mu ng' amakataya kapena kuikapo mpata, dzina la bambo amaliika poyamba, dzina lapakati amalisandutsa la mtundu. Yesani zilembo zitatu kapena zinayi zoyambirira zokha, kenaka mutembenuze mainawo. Makaunti ena adaika pa intaneti zikalata za zaka zaposachedwa zokha, zakale zikadali m'mabuku.

Chiphaso cha imfa, cha kubadwa ndi cha ukwati zili ndi malamulo ena, okhwimirapo. Ku Texas chiphaso cha imfa n'chotsekedwa kwa zaka 25, cha kubadwa zaka 75, kupatula kwa achibale apafupi ndi ena ololedwa ndi lamulo. Ku Florida aliyense akhoza kupeza chiphaso cha imfa chosatchula chimene chidapha munthuyo, koma chotchula matenda chimabisidwa kwa zaka 50. Ku California amapereka mitundu iwiri. Mtundu wina aliyense akhoza kugula, koma umakhala ndi mawu odutsa pakati onena kuti si chikalata chotsimikizira munthu. Mtundu wovomerezeka umaperekedwa kwa mkazi kapena mwamuna wa malemu, mwana, kholo, mchimwene kapena mchemwali ndi ena ochepa, ndipo woitanitsa pa positi ayenera kulumbira pamaso pa notary, munthu wololedwa ndi boma kulumbiritsa anthu ndi kudinda zikalata. Ali kunja kwa America akhoza kulumbira ku ofesi ya kazembe wa dzikolo, kumene amalipiritsa $50 pa chidindo. Amalume kapena msuweni, ngakhale ndiye mwini mbumba, kawirikawiri sali pa mndandanda, choncho fomuyo asainire mwana kapena kholo. Itanitsani makope angapo nthawi imodzi, chifukwa banki, inshuwalansi ndi khoti aliyense amafuna lake. Ngati imfa ikufufuzidwa, chiphaso choyamba chikhoza kutuluka pamalo a chifukwa cha imfa atalembapo kuti akudikira zotsatira. Kuyeza magazi kumatenga milungu, nthawi zina miyezi, ndipo a inshuwalansi ambiri salipira kufikira chiphaso chokonzedwanso chitatuluka.

Tsopano ku kalata yeniyeni yopempha, imene imafunika pa zinthu monga lipoti la apolisi, kaundula wa m'ndende, makontilakiti, maimelo a akuluakulu kapena lipoti la oyendera nyumba. Lamulo limakakamiza ofesi kupereka chikalata chimene chilipo kale. Silikakamiza ofesi kuyankha mafunso, kufotokoza zifukwa, kapena kukulemberani chikalata chatsopano. Wolemba kuti akufuna kudziwa chifukwa chimene mchimwene wake adamangidwira sadapemphe kanthu m'maso mwa lamulo. Wolemba kuti akufuna lipoti la kumangidwa kwa uje, wobadwa tsiku lakuti, amene adamangidwa tsiku lakuti pamsewu wakuti, pamodzi ndi fomu yomulandirira m'ndende, wapempha chinthu chimene mlembi akhoza kuchitola m'kabati. Kalatayo ikhale ya m'Chingerezi, yaifupi, yotchula lamulo, mtundu wa chikalata, maina, masiku oyambira ndi othera, ndi nambala ya mlandu ngati ilipo. Mawu akuti zikalata zonse zokhudza nkhaniyi amaoneka anzeru, koma ndi amene amabweretsa bilu yaikulu kapena yankho lakuti pempho lanu n'losamveka; lamulo la ku Indiana limanena poyera kuti wopempha atchule bwinobwino chimene akufuna. Pemphani kuti akutumizireni pa imelo, mutchule malire a ndalama zimene angagwiritse ntchito asanakufunseni, ndipo muwonjezere kuti ngati pali mbali yobisidwa aifute mbali yokhayo, zotsalazo apereke, atchulenso gawo la lamulo limene atsamira. M'zigawo zambiri simukakamizika kunena chifukwa chimene mukufunira chikalatacho. Ku Florida simukakamizika kutchula ngakhale dzina lanu.

Masiku oyankhira amasiyana. Ku Indiana ndi maola 24 ngati mwapita nokha, masiku 7 ngati mwalemba pa positi kapena pa imelo. Ku New York, Illinois, Pennsylvania ndi chigawo cha Washington (osati likulu la dziko lija) ndi masiku 5 ogwira ntchito. Ku California ndi masiku 10, ndipo akhoza kuwonjezera 14. Koma dziwani kuti m'malo ambiri masiku amenewa ndi oti akuyankheni, osati oti chikalata chifike m'manja mwanu. Kalata yongonena kuti talandira pempho lanu imakwaniritsa lamulo. Texas ili ndi njira yakeyake, imene ine ndimaiona kuti ndi yabwino kwa munthu wopanda loya: ofesi ikafuna kubisa chikalata, kawirikawiri iyenera kukapempha chigamulo kwa Attorney General, loya wamkulu wa boma la chigawocho, pasanathe masiku 10 ogwira ntchito. Komanso ku Texas komweko kuli msampha. Mtengo ukapitirira $40 amakutumizirani chiyerekezo cha bilu, ndipo mukapanda kuyankha m'masiku 10 ogwira ntchito, pempho lanu limatengedwa ngati mwalichotsa nokha. Imelo yotereyi ikagwera m'bokosi la zinyalala, mudikira mpaka kalekale.

Mitengo ya fotokope ndi yochepa: masenti 10 pa tsamba ku Texas, 15 ku Florida, 25 ku New York, ndipo ku Illinois masamba 50 oyambirira ndi aulere. Chimene chimadula ndi nthawi ya wogwira ntchito pofufuza ndi kufuta, makamaka pa makanema. Vuto lina ndi kalipiridwe, chifukwa maofesi ena amalandira cheke kapena money order ya ku America yokha. Funsani izi musanatumize kalikonse.

Pali zigawo zochepa zimene zimatsekera akunja khomo. Virginia, Tennessee ndi Arkansas zimapereka ufulu umenewu kwa nzika za chigawocho, ndipo khoti lalikulu la dzikolo lidavomereza zimenezi mu 2013 pa mlandu wa McBurney v. Young. Pennsylvania imafuna wopempha akhale wokhala mu America movomerezeka. Njira yake ndi yosavuta: wachibale kapena mnzanu wokhala m'chigawocho alembe m'dzina lake. Zikalata za malo ndi za kukhoti zimapezekabe ngakhale kumeneko.

Zakukhoti zimayendera malamulo a khoti, osati lamulo la zikalata la chigawo lija, ndipo amazisunga ndi mlembi wa khotilo. Fufuzani ndi dzina, mupeze nambala ya mlandu, muwerenge mndandanda wa zonse zimene zidaperekedwa, kenaka muitanitse zokhazo zimene mukufuna. Faelo ya chuma chamasiye ndi yotseguka m'madera ambiri, ndipo imasonyeza wilo, dzina la amene khoti lidamupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho, komanso nthawi zambiri mndandanda wa katundu. Ku New York imapezeka ku Surrogate's Court, ku Maryland ndi Pennsylvania kwa Register of Wills. Milandu ya ana ndi ya kulera mwana wa ena imakhala yotsekedwa. Faelo ya za chilolezo chokhalira m'dzikomo siili ku kaunti. Imeneyo ndi ya boma lalikulu, ndipo m'pamene lamulo la 1966 lija limagwira ntchito.

Mukakhala ndi nkhani ya ngozi kapena ya apolisi, thamangani. Mawu a foni za 911, nambala yoimbira pakagwa ngozi, ndi makanema a makamera ovala apolisi amafufutidwa nthawi yake ikakwana. Ku Indiana apolisi a m'makaunti ndi m'mizinda amakakamizika kusunga makanemawo masiku 190. Ngakhale akukanizeni chifukwa chakuti kafukufuku akupitirira, lembani kalata ina yopempha kuti asafufute, mutchule tsiku, nthawi ndi malo.

Akakukanizani, funani kuti akane polemba, ndipo werengani masiku kuyambira tsiku la kalatayo. Ku New York muli ndi masiku 30 ochita apilo mkati mwa ofesi yomweyo, ndipo ayenera kuyankha m'masiku 10 ogwira ntchito. Ku Pennsylvania ndi masiku 15 ogwira ntchito, ku Office of Open Records, ndipo kukhala chete kwa ofesi kumawerengedwa ngati kukana, kutanthauza kuti nthawi yanu imayamba kutha inu mukuyesa kuti mukudikirabe. Illinois ndi Indiana zili ndi Public Access Counselor, amene amalandira madandaulo kwaulere, m'masiku 60 ku Illinois ndi 30 ku Indiana. Ku chigawo cha Washington khoti likhoza kulipitsa ofesi mpaka $100 pa tsiku lililonse limene idabisa chikalata popanda chifukwa, n'chifukwa chake alembi akumeneko sachita nazo chibwana.

Chikalata chimene chikupita kukagwira ntchito kunja kwa America chimafunika sitepe ina. Fotokope wamba kapena chosindikiza pa intaneti sichikwana. Pafunika kope lokhala ndi chidindo ndi siginecha ya mlembi wa kaunti, kenaka apostille, chiphaso chotsimikizira maiko ena kuti siginecha ndi chidindocho n'zenizeni, imene imaperekedwa ndi ofesi ya chigawo chimene chidatulutsa chikalatacho, kawirikawiri ya Secretary of State. Malawi ali m'gulu la mayiko a pangano la ku Hague la mu 1961 limene limavomereza apostille. Ku New York siginechayo iyenera kutsimikizidwa kaye ndi County Clerk isanapite ku chigawo. Musachotse kawaya kolumikiza masambawo pofuna kujambula bwino, chifukwa apostille yomatulidwa ikhoza kukanidwa, ndipo mungayambirenso ku kaunti.

Ndine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu