Mundibwezere K178,000 yanga, ndipo mnyamata wanu apepese

Kwa eni sitolo ya zamagetsi ku Old Town, Lilongwe, amene munandigulitsa masipika anayi oti azilira pamodzi m'zipinda zosiyana. Dzina lanu ndalisunga kaye, koma mukudzidziwa.

Ndinapereka K1,640,000 ya masipika ndi K150,000 yoti munthu wanu adzawalumikize kunyumba. Malisiti onse ndili nawo. Munati ndikayatsa nyimbo pafoni izilira pabalaza, kukhitchini, kuchipinda ndi pakhonde nthawi imodzi. Zinatheka tsiku loikalo basi. Magetsi atathima n'kuyakanso, pa app pankangooneka awiri. Ndikakhala pabalaza ndikuona awa, ndikalowa kuchipinda ndikuona enawo, oyamba aja asowa. Ya pakhonde ikalira, imadukiza.

Ndinaimba foni mpaka kutopa, yankho lomwelo: zimitsani rauta (kabokosi kopereka Wi-Fi) muyatsenso. Kenako munati ndibwere nawo. Sabata yatha kapena inayo ndinapempha kuntchito, kuzula masipika onse, K28,000 ya galimoto kuchokera ku Area 25 kupita ndi kubwera.

Zomwe ndinakumana nazo pakauntala yanu ndi zomwe zandilembetsa izi. Mnyamata wanu sanadzuke n'komwe pampando, moni wanga sanayankhe. Analumikiza sipika imodzi pa Wi-Fi ya m'sitolo, italira anandikankhira katoni n'kunena kuti, "Mayi, zinthu izi zimafuna odziwa. Mukabwere ndi abambo akunyumba." Anthu ali pamzere akumva, wina mpaka kuseka. Abale anga, inu mukanatani? Pomwe ndinkapereka ndalama zija palibe anandifunsa za abambo akunyumba. Ndi ulemu womwe mumawaphunzitsa umenewu? Ndiye anawonjezanso kuti munthu woti adzaone kunyumba ndimulipire K40,000 ina.

Vuto analipeza ndi mwana wa achimwene anga amene amaphunzira za makompyuta, madzulo amodzi okha. Katswiri wanu amene anadzalumikiza masipika uja anaika rauta yachiwiri kukhonde la kuzipinda kuti Wi-Fi ifike konse, poti makoma a njerwa amaitchinga. Zabwino. Koma anaisiya ikugawira zipangizo manambala akeake a pa netiweki m'malo moisintha kukhala access point (yongofalitsa Wi-Fi ya rauta yoyamba), n'kuipatsa dzina ndi pasiwedi zofanana ndi yoyamba. Ndiye m'nyumba imodzi munali manetiweki awiri obisala pa dzina limodzi, ina ya 192.168.0 ina ya 192.168.1. Masipika amtunduwu amaonana ndi foni pokhapokha zonse zili pa netiweki imodzi. Magetsi akabwera, sipika iliyonse imagwira rauta yomwe yaipeza pafupi, basi banja lagawikana. Mwa ichi kuyesa sipika imodzi m'sitolo mwanu kunali kungonditayitsa nthawi, vuto linali kunyumba komwe munthu wanu anagwira ntchito.

Ya pakhonde nayo, waya woilumikiza ku rauta womwe munandiwerengera pa lisiti mutu wake sunamangidwe bwino, kanyali ka pa rauta sikankayaka n'komwe. Sipika inkangokoka Wi-Fi kudutsa makoma awiri. Mwanayo anadula mutuwo n'kumanga wina, kusintha rauta ija, kupatsa sipika iliyonse nambala yokhazikika. Kuyambira pamenepo onse anayi akulira, magetsi athime asathime.

Ndiye odziwa uja ndi ndani apa?

Ndikufuna K150,000 ya ntchito yomwe sinagwiridwe ndi K28,000 ya ulendo wachabe, zonse K178,000, ndipo mnyamata uja apepese pakamwa pake. Musanditumizire uthenga wa "tikufufuza" ku inbox, yankhani pompano pomwe anthu akuona. Likafika Lachisanu mulibe kanthu, ndiika pano dzina la sitolo ndi zithunzi za malisiti, kenako ndikasiya dandaulo ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loteteza ogula. Ndipo amene munaikiridwa masipika ndi sitolo ya kumeneku n'kumauzidwa kuti vuto ndi intaneti yanu, kayang'aneni kaye marauta anu musanalipire K40,000 imeneyo.