Amwali, mabanzi a sinamoni musawasiyiretu

Amwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana ndi bambo awo kumeneko ku Leicester, ku England. Kuno ku Zomba tili bwino, kungoti chiperoni chatipanikiza, phiri silikuoneka n'komwe ndipo zovala sizikuuma pachingwe. Amayi anu ndinakumana nawo kutchalitchi Lamulungu, ali ndi mphamvu ndithu, anapereka moni wambiri.

Uthenga wanu wa mawu uja ndinaumvera mpaka kumapeto, ndipo unandikhudza. Mwati adokotala akupezani ndi 44 pa muyezo uja wa shuga wa m'magazi wotchedwa HbA1c, ndipo mawu anu anali ofooka pamene mumanena kuti basi, mabanzi a sinamoni mwatsanzikana nawo. Ndasankha kukuyankhani polemba chifukwa miyezo ya zophika imafuna pepala loti muzilimata pafiriji. Koma choyamba mtima m'malo. Kumeneko madokotala amati kuyambira 42 mpaka 47 ndi chenjezo chabe, matenda a shuga enieni amayambira pa 48. Ndiye kuti mpata wobweza zinthu ulipo. Ngati akutumizani ku maphunziro aja a NHS, bungwe la boma la zaumoyo kumeneko, othandiza anthu kupewa shuga, pitani osajomba. Za thupi lanu mverani iwowo. Ine ndikufuna ndikuthandizeni pa za banzili, chifukwa ndikudziwa kuti kwa inu si chakudya chabe. Ndi chomwe mumaphika ndi ana Loweruka mukapuma kuntchito, ndipo sindikufuna Loweruka limenelo lithe.

Vuto si sinamoni ayi. Vuto ndi banzi la mtundu wa ku America lomwe tonse tinalizolowera pazithunzi za pa intaneti, lalikulu kudzadza mbale, lothiridwa icing, zoyera zotsekemera zija zopaka pamwamba, mpaka kuyenderera m'mbali. Kampani ya Cinnabon, yomwe inayamba mu 1985 ku Seattle, banzi lake lalikulu limodzi lili ndi makalori (muyezo wa mphamvu yomwe chakudya chimapereka m'thupi) pafupifupi 880. Mzimayi wamkulu amafunika makalori pafupifupi 2,000 pa tsiku, ndiye taonani, banzi limodzi latenga kale pafupifupi theka la chakudya cha tsiku lonse, munthu asanadye nsima.

Mukukumbukira kuti ine mabanziwa ndinawaphunzira kwa mayi a ku Sweden aja, nthawi yomwe ndinkagwira ntchito kukhitchini kwawo. Mabanzi awo anali ena. Kwawo amawatcha kanelbulle, ndi aang'ono oti amakwana m'dzanja, sapaka icing, amangowaza timibulu ta shuga towerengeka pamwamba, ndipo mu fulawa amathiramo chonunkhiritsa chotchedwa cardamom choti fungo lake limafika kugeti. Anthu a ku Sweden amawakonda kwambiri mabanziwa moti anawapatsa tsiku lawo, pa 4 Okutobala, kuyambira mu 1999. Amawadya pa nthawi ya khofi yomwe amati fika, atakhala pansi ndi anzawo, mmodzi banzi limodzi. Maphikidwe omwe ndikulembereni pano achokera kumeneko, ine ndangochepetsa zina ndi kuwonjezera kanjira kofewetsera.

Kuti mudziwe pochepetsa, muyenera kudziwa pomwe makalori amabisala. Magalamu 100 a batala ali ndi makalori oposa 700. Shuga wolemera chimodzimodzi ali ndi pafupifupi 400, fulawa pafupifupi 360. Maphikidwe ambiri a ku America amathira kapu yathunthu ya shuga wabulawuni m'kati mokha, omwe ndi magalamu pafupifupi 200, kuphatikiza batala wochuluka, kenako pamwamba n'kupakanso cream cheese yosakaniza ndi batala wina ndi shuga wina. Apo ndiye pofunika mpeni. Fulawa sitingamuchepetse kwambiri chifukwa ndiye banzilo.

Koma musachite zomwe ambiri amachita akachoka kwa dokotala ali ndi mantha, kuchotseratu batala yense ndi shuga yense. Chomwe chimatuluka mu uvuni ndi buledi wouma wonunkhira sinamoni. Ana amamusiya pambale, inunso mumadya awiri atatu mtima osakhutira, mawa lake n'kukagula lalikulu lija kusitolo. Kuli bwino batala weniweni wochepa kusiyana ndi kudzinamiza. Ndipo kufewa kwa banzi sikuchokera ku mafuta okha, kumachokeranso ku madzi omwe fulawa wasunga. Apa ndiye pali chinsinsi chonse, ndipo inu mukuchidziwa kale chifukwa ndi phala.

Tengani magalamu 25 a fulawa ndi mamililita 125 a mkaka, muthire m'kapoto, muike pamoto wochepa n'kumatakasa osaleka. Poyamba ziziwoneka ngati mkaka wamba. Kenako mudzamva mthiko ukuyamba kulemera, ndipo mukaukoka pansi pa poto udzasiya kanjira koonekera kosatsekeka msanga. Pamenepo phulani, lisachite kubwadamuka. Ophika buledi a ku Japan ndi ku China ndi omwe anatchukitsa njira imeneyi. Fulawa akapsa chonchi amamwa madzi ambiri n'kuwagwira, sawataya ngakhale mu uvuni, ndiye banzi limatuluka lofewa ndipo limafika mawa lisanaume, ngakhale batala ali wochepa. Lisiyeni phalalo lizizire mpaka muthe kuviikamo chala osapsa, chifukwa lotentha limapha yisiti.

Tsopano m'beseni lalikulu thirani magalamu 305 a fulawa woyera wa buledi ndi magalamu 120 a fulawa wabulawuni, uja wosachotsa gaga. Musapitirire apo ndi wabulawuniyo, akachuluka banzi limalemera ndipo silifufuma bwino. Onjezerani kapaketi kamodzi ka yisiti ka magalamu 7, shuga magalamu 25, mchere supuni yaing'ono imodzi, ndi cardamom yosinja supuni yaing'ono imodzi ngati muli nayo. M'masitolo a amwenye a ku Leicester simungaisowe. Kenako thirani phala lija, dzira limodzi, mamililita 75 a mkaka wofunda, ndi magalamu 80 a yogati wopanda shuga. Kuno ine ndimathira chambiko, chimagwira ntchito yomweyo. Kandani kaye mpaka zigwirane, ndiyeno muikemo magalamu 30 a batala wofewa, n'kupitiriza kukanda kwa mphindi 10.

Pokanda pano pali yesero. Fulawa azimata m'manja ndipo mtima uzikuuzani kuti wazani wina. Musamvere. Supuni iliyonse yomwe mukuwonjezera ikuumitsa banzi lanu. Pitirizani kukanda, mudzaona akusiya yekha kumata, akusalala, ndipo mukatsina kachidutswa n'kukakoka kadzatambasuka osaduka msanga. Ngati manja akukuvutani, pakani kadontho ka mafuta ophikira m'zikhatho. Vindikirani ndi kansalu konyowa mpaka afufume kuwirikiza kawiri. Kuno nthawi yotentha ola limodzi limakwana, koma m'nyumba zanu zozizirazo zitenga nthawi yotalikirapo. Ikani beseni mu uvuni wosayatsa, pambali pake mbale ya madzi otentha. Kapenanso, popeza mumagwira ntchito usiku, kandani madzulo musananyamuke, muike m'firiji, mudzapitirize mukadzuka. Akafufuma pang'onopang'ono m'firiji amakomanso kuposa.

Za m'kati ndi izi: batala magalamu 30 wofewa kwambiri, shuga wabulawuni magalamu 60, sinamoni masupuni aakulu awiri, ndi kamchere kotsina ndi zala ziwiri. Mcherewo musauiwale, umachititsa kuti shuga wochepa amveke ngati wambiri. Batala wa magalamu 30 ndi wochepa zedi poti apakidwe ponseponse, ndiye palani apozi limodzi laling'ono pa gireta, mufinye madzi ake ndi dzanja, musakanize zonse pamodzi zikhale phalaphala. Apoziyo akapsa amasungunuka, ana sadziwa n'komwe kuti alimo, koma m'kati mwa banzi mumakhala monyowa ndi monata monga mmene timafunira. Nthochi ndinaisiya chifukwa fungo lake limaphimba sinamoni.

Sinamoni asalowe mu fulawa wokandayo, akhale m'kati mokha. Ali ndi mphamvu yofooketsa yisiti, ndipo mukamuthira wambiri pokanda fulawa amachedwa kufufuma. Dziwaninso kuti alipo wa mitundu iwiri. Wofala m'masitolo, wofiirira kwambiri ndi woyabwa pang'ono pa lilime, ndi cassia wochokera ku China, Indonesia ndi Vietnam. Winayo ndi wa ku Sri Lanka, amalemba kuti Ceylon pabotolo, ndi wotumbuluka ndi wofatsa fungo. Wa mabanzi ine ndimakonda cassia chifukwa amamveka ngakhale shuga ali wochepa. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi, amwali. Mauthenga aja oyenda pa WhatsApp oti muzimwa sinamoni m'madzi otentha m'mawa uliwonse kuti shuga atsike, musawatsatire. Cassia ali ndi mankhwala achilengedwe otchedwa coumarin, omwe akachuluka m'thupi tsiku ndi tsiku amatha kuvulaza chiwindi, ndipo sinamoni salowa m'malo mwa zomwe adokotala akuuzani. Wa m'banzi limodzi ndi wochepa, alibe vuto.

Yalani fulawa pathebulo ndi mpini wake kapena botolo loyera, akhale wamakona anayi, pafupifupi masentimita 45 m'litali ndi 30 m'lifupi. Pakani zam'katizo mpaka m'mphepete, mungosiya kamzere kamodzi kopanda kanthu komatira. Kulungani kuchokera mbali yaitali, osamangitsa kwambiri, chifukwa mukamangitsa pakati pamatumphuka mu uvuni. Podula musagwiritse mpeni, umaphwanya mizere yokongola ija. Tengani ulusi wosokera, muulowetse pansi pa mpukutuwo, mupingase nsonga zake pamwamba n'kukoka. Ntchito imeneyi apatseni ana, adzaikonda. Dulani zidutswa 14. Ndanena 14, osati zisanu ndi zitatu zikuluzikulu, chifukwa theka la nkhondo yathu lili pa kukula kwa banzi.

Ndandalikani m'thileyi moyandikana kuti akafufuma akhudzane, m'mbali mwake mukhale mofewa. Adikireni afufumenso kwa mphindi 40 kapena kuposerapo, muwapake mkaka pang'ono pamwamba, muphike pa madigiri 180 kwa mphindi 18 mpaka 20. Ngati uvuni wanu ndi wa fani, tsitsani pa 160. Atulutseni akangoyamba kufiira, musadikire kuti ade. Banzi la batala wochepa silikhululuka likapsereza, mphindi zitatu zokha zimaliumitsa. Mukatulutsa, vindikirani ndi kansalu koyera kuti nthunzi ibwerere m'kati.

Pamwamba ine sindipaka kanthu, ndinazolowera za ku Sweden. Koma ndikudziwa kuti ana anu adzafunsa zoyera zija. Sakanizani magalamu 30 a icing sugar ndi supuni imodzi ya yogati ndi timadontho ta mandimu, mudonthezere timizere topyapyala pa thileyi yonse. Maso amakhutira, ndipo kuwawasa kwa mandimu kumadzutsa kukoma. Ndikawerengera zonse pamodzi, banzi limodzi likubwera pafupifupi makalori 200, ndipo shuga wothira ali pafupifupi masupuni aang'ono awiri. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti shuga wothira asapitirire magalamu 50 pa tsiku kwa munthu wamkulu, omwe ndi masupuni aang'ono 12, ndipo limati ndi bwino koposa kutsika kufika pa theka la pamenepo. Ndiye banzi lathuli likukwana, bola tiyi wake akhale wopanda shuga.

Mwina mufunsa za uchi. Uchi ndi shuga ndithu, thupi limaulandira chimodzimodzi, musadzinamize nawo. Za timapaketi totsekemera topanda makalori tija, ine sindizikonda m'mabanzi. Sizisungunuka n'kunata ngati shuga, ndipo zina zimasiya kakuwawa kukhosi. WHO inanenanso mu 2023 kuti anthu asadalire zimenezi pofuna kuchepetsa thupi. Lilime limazolowera, amwali. Pakatha milungu ingapo mukudya zochepa shuga, banzi la kusitolo lija mudzaliona kuti latsekemera mopyola.

Ndinene mosabisa kuti ngakhale titachepetsa chonchi, ili ndi banzi basi. Fulawa naye akalowa m'thupi amasanduka shuga. Choncho likhale la Loweruka, limodzi, mutadya kale chakudya chenicheni chokhala ndi ndiwo zamasamba ndi nyemba kapena nsomba, kenako mukayende pang'ono ndi ana. Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi usiku uja muli kuntchito, mwatembenuza agogo omwe mumawasamalira, mwasintha zofunda, miyendo ikuwawa, njala yakugwirani cha m'ma 3 koloko ndipo chomwe chili pafupi ndi mabisiketi ndi keke. Pamenepo nyamulani mtedza wokazinga, dzira lowiritsa kapena yogati kuchokera kunyumba. Mabanzi otsala akazizira, akulungeni limodzilimodzi muike mufiliza tsiku lomwelo, asagone pathebulo pomwe aliyense wodutsa amatsinako. Loweruka linalo mungotulutsa okwanira anthu a m'nyumbamo n'kuwatenthetsa pang'ono.

Ngati mulibe sikelo ya kukhitchini, gulani kaye musanayambe, chifukwa makapu amanamiza ndipo miyezo iyi ndi yaing'ono. Mukaphika munditumizire chithunzi cha banzi lodula pakati, osati pamwamba pokha, kuti ndione ngati linafufuma mokwanira. Mundiuzenso tsiku lomwe akuyezeninso magazi, ndizikukumbukirani m'pemphero.

Moni kwa bambo a kunyumba ndi ana onse. Azilamu anu kuno akupereka moni.

Ndine mnzanu wa ku Zomba