Chasesiyo musaipale kaye

Mnzanga wokondedwa,

Kalata yako inafika Lachiwiri pamodzi ndi zithunzi zisanu ndi chimodzi zija. Zinayi ndi zamdima, ndipo pa chimodzi chala chako chatseka theka la galimoto. Zaka zonsezi uli ku California kujambula kukukukanikabe! Za ukwati wa mlongo wako walemba mzere umodzi, za chitsulo chadzimbiri masamba atatu. Mayi ako ndawauza kuti uli bwino, zinazo uwalembere wekha.

Mawu amodzi m'kalatamo andisowetsa tulo. Wati abwana ako akufuna mwezi wamawa kupititsa chasesiyo kokaipala ndi mchenga kuti iwale. Chonde uwaletse. Dragster, galimoto ya mpikisano wothamanga pamsewu waufupi wowongoka, ya injini kutsogolo ngati imeneyo ilibe blue book, ndipo zambiri zinatuluka m'galaja zopanda ngakhale nambala. Mbiri yake yonse ili mu penti, m'mabowo a mabawuti ndi m'mizere yowotcherera. Mchenga ukadutsapo, umboni wapita, ndipo mutsala ndi mapaipi oyera omwe palibe angalumbire kuti ndi a ndani.

Wogulitsayo akuti inali Top Fuel, gulu la ma dragster othamanga kwambiri, ya m'ma 1960 yomwe inkapambana. Mwina ndi zoona, koma uyambe wamvetsa chifukwa chake galimoto zimenezi zimapezeka zitasinthidwasinthidwa. Pa 8 Malichi 1970 ku bwalo la mpikisano la Lions Drag Strip, giyabokosi ya dragster yotchedwa Swamp Rat XIII inaphulika, inadula galimoto pakati n'kuchotsa mbali ya phazi lamanja la dalaivala wake, Don Garlits. Atachira anapanga Swamp Rat XIV, injini anaiika kumbuyo kwa dalaivala, ndipo mu 1971 anapambana nayo mpikisano wa Winternationals ku Pomona. Pasanathe zaka zingapo za injini kutsogolo zinali zitasowa mu Top Fuel. Eni ake anazigulitsa motchipa kwa anyamata a m'magulu ang'onoang'ono, amene anachotsamo injini ya Chrysler yotchedwa Hemi n'kuikamo injini ya Chevrolet, ena kuzifupikitsa, ena kuwonjezera mapaipi pamutu pa dalaivala. Choncho chasesi imodzi ikhoza kukhala ndi manja a anthu asanu.

Tenga tepi uyeze kuchokera pakati pa tayala lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo, mbali zonse ziwiri, m'mainchesi chifukwa manyuzipepala akale ankalemba motero. Kumayambiriro kwa m'ma 1960 zambiri zinkangopitirira pang'ono mainchesi 100, koma pofika 1970 zina zinali zitadutsa 200. Kenako yendetsa chala m'mapaipi aataliwo. Pamene analumikiza pamakhala kachotupa, kawirikawiri ndi timabowo tozungulira totsekedwa ndi weledi, kusonyeza kuti m'kati analowetsamo paipi ina. Kawotcheredwe kakasintha, dziwa kuti dzanja lasintha. Uyang'anenso mabowo osagwiritsidwa ntchito pamene injini imakhala: a 392 Hemi sagwirizana ndi a Chevrolet, ndiye amakuuza injini yomwe inayamba kukhalamo.

Pa penti usathamange. Sankha kamalo kakang'ono ngati chikhatho pa bodi ya aluminiyamu, kutsogolo kwa mpando. Tenga sandipepala wa 600, munyowetse, upale pang'onopang'ono mpaka mtundu wina utulukire. Jambula, lemba, pitiriza. Usiku uzimitse magetsi a m'galaja n'kuwunikira bodiyo ndi tochi cham'mbali. Malemba akale opakidwa ndi burashi amasiya mthunzi ngakhale pansi pa penti watsopano, ndipo dzina la dalaivala kapena nambala yake ikhoza kuonekera pomwepo. Zithunzi zimenezo ajambule wina, osati iwe.

Ukapeza dzina, upite nalo ku manyuzipepala ndi magazini a Drag News, National Dragster ndi Hot Rod a zaka zimenezo, komanso ku nyumba yosungira zakale ya NHRA, bungwe loyendetsa mipikisanoyi, ku Pomona, suli nayo kutali. Poyerekeza zithunzi usakhulupirire mtundu, penti amasintha chaka ndi chaka. Khulupirira zomwe munthu savutika kusintha: kapindidwe ka paipi ya kumbuyo kwa mutu, pamene pakhala bulaketi ya chiwongolero, ndi kutalikirana kwa timabatani ta Dzus tomangira bodi. Amisiri opanga machasesi monga Kent Fuller, Woody Gilmore ndi Don Long aliyense anali ndi kapangidwe kake, ndipo akuluakulu akumeneko amazindikira pongoyang'ana. Pa chithunzi chakale uone magneto, chopereka moto ku mapulagi: ikakhala kumbuyo kwa injini ndi Hemi yakale ngati 392, ikakhala kutsogolo ndi 426.

Eni ake uwatsate chobwerera m'mbuyo, wogulitsayo akuuze amene anamugulitsa, uyonso akuuze wake. Apa ndiye pondimvetsa chisoni. Amene ankayendetsa galimotozi mu 1965 lero ndi nkhalamba, ambiri anatisiya. Ukamupeza mmodzi usati udzapita chaka chamawa. Pita sabata yomweyo, umuonetse zithunzi, alembe zomwe akukumbukira n'kusainira. Ndipo ukapeza kuti theka lakutsogolo linasinthidwa pambuyo pa ngozi, uzilembe poyera, chifukwa zimachitika kuti theka linalo lili m'galaja ya munthu wina amene nayenso akuti galimotoyo ndi yake. Ngati chatsala choyambirira ndi bulaketi ziwiri zokha, muitche yofanizira basi, palibe manyazi.

Mukadziwa kuti ndi iti, musankhe chaka chimodzi, ngakhale mpikisano umodzi, n'kuibwezera mmene inalili tsiku limenelo. Apo ndiye mupale. Mapaipi a chitsulo cha 4130 chromoly ndi opyapyala ndipo amadyeka kuchokera m'kati, makamaka apansi momwe madzi ankakhala, ndiye ayezedwe ndi makina a ultrasound. Pa weledi iliyonse mupake mankhwala ofiira ofufuzira ming'alu. Crankshaft ndi ma spindle zipite ku Magnaflux, kuyeza ming'alu ndi maginito. Ma rod akale a aluminiyamu muwapachike pakhoma, anatopa kale, musawabwezere mu injini. Buloko ya 392 inapangidwa mu 1957 ndi 1958 mokha, choncho yopanda mng'alu ndi yosowa ndipo idula. Blower yake, yokankhira mpweya mu injini, ndi 6-71, ija inachokera ku injini za dizilo za GMC, pamwamba pake injector ya Hilborn kapena Enderle malinga ndi chithunzi.

Marimu aja ukuti ali ndi ufa woyera ndikuganiza kuti ndi a magnesium, mwina a Halibrand. Dontheza vinega pamalo opala kuseri: magnesium amachita thovu, aluminiyamu sachita. Ngati ndi magnesium, usayandikize moto wa gasi, ndipo fumbi lake usalisiye pansi pa grinder. Akayaka, madzi amangowonjezera moto, chomwe chimathandiza ndi mchenga wouma.

Tsopano za iwe. M'kalatamo wafunsa ngati ingathamangenso. Ndakudziwa, ukufuna kukhalamo ndiwe. Ayi! Mpando wa galimoto imeneyo uli kumbuyo kwa matayala, miyendo yako ikhala pamwamba pa difu, kilatchi pakati pa mapazi, injini pamaso pako. Kwa Garlits zinatha bwanji? Mapaipi atatu otchinga mutu aja sangadutse malamulo a chitetezo a bungwe la SFI a masiku ano, ndipo mukawasintha kuti adutse ndiye mwaononga chomwe mumafuna kusunga. Ikonzeni kuti izingolira. Kuyambira 2000 ku Famoso, pafupi ndi Bakersfield, anayamba Cacklefest, komwe zakalezi amazikankha ndi galimoto ina, zikalira n'kuziimika pamzere malawi akutuluka m'mapaipi. Zimenezo zikukwanira.

Ngakhale kungoiliza kumene, mafuta ake, nitromethane, si petulo. Petulo amafuna mpweya wokwana magawo 14.7 pa gawo limodzi, nitro 1.7 basi, ndiye amalowa wambiri ndipo wina amatsikira mu oyilo. Oyilo musinthe nthawi iliyonse mukailiza, mapaipi a mafuta muwatsuke ndi methanol. Choopsa kwambiri ndi nitro wotsalira mu silinda injini ikazima. Wina akangoizunguza magneto ili yamoyo, hedi ikhoza kuuluka. Zimitsa magneto, chotsa mapulagi, zunguza injini chobwerera ndi dzanja mpaka masilinda aume. Ilibe radiator, ndiye mphindi zochepa zokha n'kuzimitsa. Utsi wake umawawa m'maso ngati tsabola, uvale chophimba kumaso, ndipo usaime cham'mbali mwa lamba wa blower. Ndikuona kale utaima pomwepo ndi foni m'manja, ukujambula chala chako.

Mlamu wako akuti nsapato zija unalonjeza sanazionebe, ndipo mvula kuno yachedwa, chimanga cha kumunda kwa malume ako chafota. Za kilatchi ndi bellhousing, chivindikiro chake, ndimafuna ndikuuze bwino, chifukwa zakale zija siziyenera kubwereramo ngakhale zikuoneka zabwino, koma pepala latha ndipo kumbuyo kwake ndalembako kale. Uwaletse kaye abwana akowo za mchengazo, kenako undiyezere