Za chitumbuwa chija chaonda, amwene

Amwene, zikuyenda ku Joni? Kuno ku Kamwendo tili bwino, anthu ali kalikiliki kukumba mtedza ndipo mavenda atchera kale masikelo m'mbali mwa msewu wopita ku boma.

Mwana wa achemwali anga uja ali Fomu 3 tsopano, ndiye kusukulu anawauza alembe ndakatulo yaifupi ya chakudya cha pa buleki. Yake ndi iyi:

Iwe chitumbuwa mnzanga wa pa buleki,
dzana unkadzadza chikhatho changa,
psuu kufiira, mafuta nyezinyezi.
Lero mwaonda bwanji bwana?
Ndikugwadireni ndi zingati?

Aphunzitsi analemba m'munsi kuti woyankhula ndi wosangalala, akuyamikira chitumbuwa basi. Ine ndakana amwene. Mizere 3 yoyambayo inde ndi chikondi, mwana akuchitenga chitumbuwa ngati munthu, chija amati umunthu, ndipo akuti iwe poti ndi mnzake wodyera limodzi. Mvekero uja psuu ndi nyezinyezi akukuchititsani kuti muchione chikutuluka m'chiwaya cha amayi aja okhala pa geti, nthochi zakupsa ndi mgaiwa zikununkhira, mpaka malovu mkamwa. Koma taonani pa mzere wa 4, iwe uja wathawa kwabwera mwaonda, kwabwera bwana, kenako kugwada. Ulemu umenewu si weniweni ayi, ndi uja timapereka kwa mnzathu amene wapeza ndalama n'kusiya kutipatsa moni, ulemu wonyogodola. Ndipo bwana wake ndi woonda! Nthawi zonse bwana amanenepa, uyu mtengo ukukwera thupi likuchepa, apa ndi pamene ndinaseka mpaka misozi.

Komanso dzana ndi lero aziika dala moyang'anizana. Mwana sanatchule kwacha paliponse koma aliyense amene anaona mafuta ophikira atakwera ndalama yathu itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa chimene chinaondetsa chitumbuwacho, amayi ogulitsa sangakweze mtengo tsiku ndi tsiku ana angathawe ndiye amangochepetsa chibulumwa.

Pokhapo pa mzere womaliza ndikuona kuti anathamanga, funso pamwamba pa funso likuchepetsa mphamvu, akanasiyira pa bwana paja zikanabaya kwambiri. Mwini wake akuti sasintha, ndi ndakatulo yake.

Tawerengani mokweza kawiri mundiuze pa WhatsApp ngati mukumva chisangalalo kapena dandaulo, tikufuna wachitatu woweruza mlanduwu. Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu wa ku Mchinji