Kalata yochokera ku Chitakale

Wokondedwa Mphatso,

Ndikhulupirira uli bwino ku Johannesburg kuja. Kuno chiperoni chatikhalira sabata yathunthu, phiri la Mulanje silikuoneka n'komwe, zovala sizikuuma. Amayi ako ndinakumana nawo pamsika Loweruka. Ali bwino, akungodandaula kuti suimba foni.

Unafunsa za laputopu unatitumizira ija. Ikugwira ntchito, moti ndi imene ana anga a Fomu 3 akupangira pulojekiti. Ndinawauza kuti ajambule vidiyo yoonetsa momwe mlimi angawerengetsere phindu la nanazi mu Excel, zochitika pa sikirini zizioneka, mawu awo azimveka. Ine ndimati chovuta chikhala Excel. Ayi ndithu, mutu unatiwawa posankha pulogalamu yojambulira.

Tinayamba ndi Xbox Game Bar, poti ili kale mu Windows 10: ukadina Windows, Alt ndi R pamodzi, yayamba. Koma imajambula pulogalamu imodzi yokha, desktop ndi File Explorer ayi, pamene ana amafuna kuyambira potsegula fayilo. Mnyamata wina anabwera ndi ina pa flash, akuti yaulere. Titajambula tinapeza dzina lake litadindidwa pamwamba pa vidiyo, ndipo kuti lichoke ulipire madola. Tiwatenga kuti?

Basi ndinagula bando ya usiku n'kudawuniloda OBS Studio. Iyi ndiye yaulere zenizeni, siidinda dzina, siikuwerengera mphindi. Kungoti ukaitsegula koyamba imaopsa, mabatani mbwee. Koma ukangowonjezera Display Capture, yojambula sikirini yonse, pa Sources n'kuona kuti maikolofoni akugwira, watha. Laputopu poti ndi yakale, ndinatsitsa kukula kwa chithunzi kufika pa 720p kuti vidiyo isamadukeduke, komanso fayilo ichepe.

Tsono imva zimene ndinalakwitsa. Ndinaika kuti izisunga vidiyo mu mtundu wa fayilo wotchedwa MP4, poganiza zotumiza pa WhatsApp. Chenjezo linatuluka, ine osaliwerenga. Lachitatu mtsikana wina, wamanyazi kwambiri m'kalasi, anafotokoza bwino mphindi 14 osaphonya, ndiye magetsi phethi! Batire la laputopuyo ukulidziwa, silisunga moto. Magetsi atayaka fayilo inalipo, koma yosatseguka. Mwana analira, ine kusowa poyang'ana.

Ndinadzamvetsa pambuyo pake kuti MP4 wamba imalemba ndondomeko ya vidiyo yonse pamapeto, ukadina Stop. Ikazimira panjira, zonse zapita. Mtundu wina wa fayilo, MKV, umasunga pang'onopang'ono ukamajambula, ndiye ngakhale magetsi azime, zomwe wajambulazo umazipeza. Panopa timajambula mu MKV, kenako pa File timasankha Remux Recordings, imasanduka MP4 m'kanthawi kochepa. Bwenzi nditadziwa kale zimenezi mwana uja asanakhetse misozi.

Vuto lina ndi mawu. Mvula ikamawomba pamalata, maikolofoni a laputopu amangotola phokosolo. Tinasamukira m'kachipinda kosungira mabuku, poti kali ndi siling'i, ndipo timagwiritsa ntchito mahedifoni a foni yanga, kamaikolofoni kali pafupi ndi pakamwa. Mtsikana uja anajambulanso Lachisanu, ndipo zinaposa zoyamba zija.

Ukamabwera mu Disembala undiyang'anire batire kumeneko. Nambala yake ndiijambula pansi pa laputopu, ndikutumizira mawa. Ndalama ndibweza, usaseke. Nanazi ndikusungira, ndipo amayi ako uwaimbire.

Ndine mnzako,
Limbani