Dandaulo: Mwakana bwanji kulipira stent ya mlongo wanga?

Kwa abwana oona za ma claim, kampani ya inshuwalansi ya zaumoyo,

Ndikulemba m'malo mwa mlongo wanga, membala wanu yemwe munavomereza nokha kuti apite ku Chennai ku India akamusinthe valavu ya mtima yotchedwa mitral, ija inawonongeka ndi matenda a rheumatic ali mwana. Opaleshoniyo munalipira, zikomo. Koma bilu ya angiogram (kujambula mitsempha ya mtima) ndi stent (kachitsulo konga ukonde kotsegula mtsempha wotsekeka) mwaikana, ati amenewo ndi matenda ena ndipo sitinapemphe kaye chilolezo. Abwana, chilolezocho tikanapempha nthawi yanji?

Atangomutulutsa mu fiyeta BP inagwa, ECG (chipimo cha kagundidwe ka mtima) inasintha, madokotala anathamanga naye kukajambula mitsempha ya mtima nkupeza kuti mtsempha wa circumflex wapindika, magazi sakudutsa. Mtsemphawu umadutsa pafupi kwambiri ndi pomwe amasokera valavu ya mitral, ndiye ulusi utha kuukoka kapena kuufinya, sizichitikachitika koma dokotala aliyense wa mtima amazidziwa. Ndipo magazi akasiya kufika mnofu wa mtima umayamba kufa, sudikira kuti ofesi itsegule mmawa. Njira zinalipo ziwiri, kumutsegulanso pachifuwa kuti amasule ulusi kapena achite bypass (kulumikiza mtsempha wina wolambalala potsekekapo), apo ayi kulowetsa kachubu mu mtsempha nkuika stent. Anasankha stent poti munthuyo anali atafooka kale. Fomu ndinasaina ine panja pa ICU dzanja likunjenjemera, usiku, foni yanu ikungoitana osayankhidwa.

Ndiye matenda enawo ndi ati? Pakanapanda opaleshoni ya valavu mtsempha uja sukanatsekeka, lipoti la dokotala likunena zimenezi ndipo tinakupatsani.

China chikundiwawa ndi mankhwala. Valavu yake ndi yachitsulo choncho warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, azimwa moyo wake wonse komanso kuyezetsa INR (kaundanidwe ka magazi) pafupipafupi, izi mukulipira, koma clopidogrel, woletsa magazi kuundana mu stent, mwakana poti ndi wa stent yomweyo. Akasiya msanga clopidogrel magazi atha kuundana mu stent nkutsekanso, ndiye tikugula tokha pomwe ngongole ya chipatala ija tikuibwezabe kwa achibale.

Chonde lipotilo aliwerenge dokotala wanu osati kalaliki yekha, mutibwezere ndalama za angiogram ndi stent, clopidogrel mumuike pa mankhwala omwe mukulipira. Yankho ndikulifuna lolembedwa mwezi uno usanathe, mukapanda kutero nkhaniyi ndipita nayo ku Competition and Fair Trading Commission.

Ine wodandaula,
Mlongo wake wa membala wanu